Kukonza dongosolo la mudzi lodzitetezera ku madzi osefukira ku Mangochi

Ntchitoyi iyambike mu Seputembala kapena Okutobala, mvula isanagwe. Amfumu aitanitse msonkhano mogwirizana ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ija timati VCPC. Musauike Lachisanu masana anthu ali kumzikiti, kapena m'mamawa asodzi akungochokera kunyanja. Komwe ambiri amalankhula Chiyao, zokambirana zikhale m'Chiyao.

Jambulani mapu a mudzi pansi, pamchenga. Miyala iimire nyumba, phulusa lisonyeze momwe madzi anadutsa nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, ndi pomwe nyanja inafika itakwera mu 2024. Apa musafulumire. Amayi akhale pagulu lawolawo, achinyamata pawokha, chifukwa pabwalo la onse amangolankhula ndi abambo akuluakulu, chonsecho wodziwa chitsime chimene chimayamba kumira ndi amene amatungako madzi. Agogo afunsidwe za makwawa akale amene anthu anamangamo nyumba. Madzi amabwerera momwemo.

Mukatero gwirizanani malo okwera othawirako ndi njira ziwiri zokafikira kumeneko. Lembani mayina a okalamba, aulumali ndi amayi oyembekezera, aliyense ndi munthu womuthandiza pothawa. Chochenjezera chikhale chimodzi chodziwika kwa onse, kaya wenzulo kaya chimkuzamawu cha kumzikiti.

Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti pepala lomwe mwalembapo dongosololi limangogona m'chikwama cha mlembi. Lembani makope atatu: la amfumu, la komiti, ndi lopita ku ACPC, komiti yoona za ngozi ya dera lonse la mfumu yaikulu, kuti likafike kukhonsolo ya boma. Novembala asanathe, mudzi wonse uyesere kuthawa kamodzi, muone amene watsalira m'mbuyo ndi chifukwa chake.