Mmene mungafikitsire kolesterolo wa cheza ku tiziwalo ta adrenal

Tiziwalo ta adrenal, tomwe timakhala pamwamba pa impso, timapanga mahomoni monga cortisol ndi aldosterone kuchokera ku kolesterolo. N'chifukwa chake pofuna kutijambula madokotala amabaya wodwala kolesterolo wokhala ndi ayodini-131, ayodini wotulutsa cheza, monga NP-59 wa ku University of Michigan. Vuto n'lakuti mankhwalawa sasungunuka m'madzi, ndipo ambiri amathera m'chiwindi ndi m'matumbo, moti chithunzi chimasokonezeka. Ophunzira zaumoyo kuno ku Tete ayenera kudziwa njira imene ofufuza amayesera, yowalowetsa mu lipoprotein, chonyamulira chachilengedwe cha mafuta m'magazi.

Choyamba sankhani chonyamulira molingana ndi thupi lomwe mukuyeza. Kwa munthu adrenal imatenga kolesterolo wambiri ku LDL, pamene kwa makoswe imadalira kwambiri HDL, choncho zotsatira za pa khoswe musazitenge ngati za munthu.

Patulani LDL m'madzi a magazi pogwiritsa ntchito ultracentrifuge, makina ozungulira mwaliwiro kwambiri olekanitsa zinthu molingana ndi kulemera kwake, pa kulemera kwa pakati pa 1.019 ndi 1.063 g/mL. Kenako tsatirani njira ya wasayansi Monty Krieger ndi anzake ya mu 1978: umitsani LDL mozizira pamodzi ndi sitachi wa mbatatesi, ndipo tsukani mafuta a m'kati mwake ndi heptane, mankhwala osungunula mafuta. Mukatero lowetsani kolesterolo wa cheza uja, makamaka wa mtundu wa ester chifukwa ndi amene amakhazikika m'kati, uluzani heptane yense, n'kusungunulanso LDL m'madzi osakaniza ndi mankhwala otchedwa Tricine. Apa m'pofunika kusamala koposa, pakuti puloteni ya pa LDL yotchedwa apoB-100 ikawonongeka, khomo lolandirira LDL pa maselo a adrenal siliizindikiranso, ndipo chiwindi chimangoimeza ngati zinyalala.

Chonyamulira chabwino sichithandiza ngati thupi silinakonzedwe. Kolesterolo wochuluka m'magazi amalimbirana makomo omwewo ndi mankhwala anu, ndiye muyezeni kaye. Perekani madzi a Lugol, okhala ndi ayodini wamba, musanabaye jakisoni kuti chithokomiro chisayamwe ayodini wa cheza, ndiponso mankhwala otsegula m'mimba kuti matumbo asatchinge chithunzi. Mphamvu ya ayodini-131 imatsika ndi theka pa masiku 8 alionse, motero pali mpata wodikira kuti magazi ayere, n'kujambula cha pa tsiku la 5 mpaka la 7.