Mmene mungawerengere manambala a field pa chithunzi cha simulation

Sabata yatha mng'ono wanga wina wa ku Luwinga anabwera kwanga ku Katoto ndi laputopu ali wokhumudwa, akuti antenna yake ya 2.4 GHz yomwe amayesa pa kompyuta (simulation) yakanika chifukwa pa chithunzi, pamalo pomwe amayembekezera field yamphamvu (electric field yozungulira antenna), panali ziro, buluu yekhayekha. Antenna inalibe vuto ayi, vuto linali kawerengedwe, ndipo zimandipweteka kuona munthu akufufuta ntchito ya masabata awiri chifukwa cha zimenezi.

Yambani ndi kufunsa kuti chomwe chajambulidwacho ndi chani kwenikweni. Mu frequency domain, pomwe kompyuta imawerengera funde pa frequency imodzi, simasunga field ya nthawi iliyonse, imasunga nambala ya complex pamalo aliwonse, yokhala ndi kukula kwake komanso phase yake, yomwe imanena pomwe funde lafika m'kukwera ndi kutsika kwake. Ndiye mu pulogalamu ya simulation ya COMSOL mukalemba emw.Ex (field yolowera mbali ya x) imakuonetsani real part basi, kutanthauza field pa kamphindi kamodzi, ngati foto ya mafunde a ku Nkhata Bay, pena madzi ali m'mwamba pena ali pansi koma nyanja yonse ikugwedezeka. Ziro uja ndi pomwe funde limadutsa pakati panthawiyo. Sinthani phase muike 90, muona pabuluu paja pafiira. Mukafuna kukula kosadalira nthawi jambulani emw.normE kapena abs(emw.Ex), ndipo mu pulogalamu ina ya HFSS sankhani ComplexMag_E chifukwa Mag_E imasintha ndi phase.

Kenako nkhani ya peak (nsonga ya funde) ndi RMS (mtundu wa avareji ya mphamvu ya funde), apa ndi pomwe ambiri amagwera. Magetsi a ESCOM timati ndi 230 V pa 50 Hz koma imeneyo ndi RMS, yomwe mita imawerenga pa soketi, pomwe nsonga ya funde imafika cha m'ma 325 V. Mapulogalamu ngati COMSOL ndi FEMM amagwira ntchito ndi nsongayo. Choncho mukalemba 10 A yomwe mwayeza ndi mita osachulukitsa ndi 1.414, field ituluka yochepa ndipo kutentha kwa waya kutuluka theka lenileni, chifukwa mphamvu imayendera square. Pobwerera ku RMS gawani ndi 1.414 yemweyo.

Onaninso mphamvu yomwe mwalowetsa pa port (polowera mphamvu mu antenna), nthawi zambiri HFSS imayambira pa 1 W. Mukaichulukitsa kanayi field imangokwera kawiri.

Chomaliza ndi mitundu. Kufiira sikutanthauza kuti pali zoopsa, ndi nambala yaikulu chabe pa chithunzi chimenecho, ndiye poyerekeza zithunzi ziwiri ikani malire a skelo ofanana ndi manja anu. Ndipo ngati nambala yaikuluyo ili pa kona yakuthwa ya chitsulo musaikhulupirire msanga, chepetsani kukula kwa tizidutswa ta mesh (tomwe kompyuta imagawira chojambulacho) muyendetsenso, ikamangokwerabe ndiye kuti ndi masamu a pakonapo osati field yeniyeni. Konayo ipangeni kukhala yobulungira pang'ono ngati mmene chitsulo chenicheni chimakhalira, kapena werengani nambala patali pang'ono ndi m'mphepetemo.