Kuwonjezera ukali wa chida mu Elden Ring: mmene manambala a munthu wanu amagwirira ntchito

Anthu ambiri amene angoyamba kumene Elden Ring, gemu ya FromSoftware yomwe inatuluka mu Febuluwale 2022, amathira ma rune awo onse (ndalama za mu gemuyi, zogulira malevulo) pa Strength, nambala ya mphamvu za munthu amene akumuseweretsa, kenako n'kudabwa kuti lupanga likungoluma monga linkalumira dzulo. Chifukwa chake n'chakuti ukali wowonjezera wa chida umachokera ku zinthu zitatu zochulukitsana: nambala ya chidacho pachokha, chilembo chimene chalembedwa pa chidacho, ndi nambala ya munthu wanu. Chimodzi chikakhala chochepa, ziwiri zinazo sizipita nanu patali.

Yambani ndi kuwerenga chidacho. Tsegulani Equipment, lozani chida chimene mukugwiritsa ntchito, muyang'ane pamene palembedwa Attack Power. Mupeza manambala awiri, mwachitsanzo 110 + 14. Yoyambayo ndi ya chidacho chokha, ndipo imakwera mukachisula. Yachiwiriyo ndi imene munthu wanu akuwonjezerapo. Pansi pake pali Attribute Scaling, pomwe pali zilembo S, A, B, C, D kapena E pambali pa Strength, Dexterity, Intelligence, Faith ndi Arcane. S ndiye wamkulu, E ndiye wotsiriza. Pomwe pali kamzere chabe, dziwani kuti nambala imeneyo siwonjezera kalikonse pa chidacho, ngakhale mutaikweza kufika 99. Vigor, Mind ndi Endurance sizikhudza ukali wa chida n'komwe.

Palinso Attributes Required, manambala amene chidacho chimafuna kuti muchigwire bwino. Claymore imafuna Strength 16 ndi Dexterity 13. Uchigatana imafuna Strength 11 ndi Dexterity 15. Moonveil imafuna Strength 12, Dexterity 18 ndi Intelligence 23. Mukaperewera ngakhale ndi imodzi yokha, nambalayo imafiira ndipo ukali wodalira nambala imeneyo umadulidwa ndi 40 peresenti. Choncho musanaganize china chilichonse, kwaniritsani manambala amenewa.

Chilembo chimabisa nambala

Zilembozi zimanamiza amene sakuzidziwa, chifukwa chilembo chimodzi chimaimira manambala ambiri. Mkati mwa gemu, D amayambira pa 25 peresenti, C pa 60, B pa 90, A pa 140, ndipo S pa 175. Ndiye kuti zida ziwiri zonse zolembedwa B zikhoza kusiyana kwambiri: china chili pa 92, china pa 138, pafupi kukhala A. N'chifukwa chake nthawi zina mumasula chida, chilembo osasintha, koma nambala yachiwiri ija n'kukwera ndithu.

Nambala ya munthu wanu nayonso siilowa m'masamu mmene ilili. Gemu imaisandutsa gawo la peresenti, ndipo gawoli silikwera mofanana. Pa zida zambiri zodalira Strength kapena Dexterity, nambala 18 imakupatsani pafupifupi 25 peresenti, 60 imakupatsani 75, 80 imakupatsani 90. Kuchoka pa 80 kufika pa 99, malevulo 19 athunthu, mumangopezapo pafupifupi 5 peresenti. Malo amene phindu limayamba kuchepa oterewa osewera amawatcha soft cap.

Tiyerekeze ndi chida chongopeka: nambala yake yoyamba ndi 300, chilembo chake ndi A wa 150 peresenti pa Strength. Chulukitsani 300 ndi 1.5, mupeza 450. Pa Strength 60 mumatengapo 75 peresenti, yomwe ndi 337, ndipo chida chonse chifika 637. Pa Strength 80 mumatengapo 405, chonse 705. Tsopano tengani lupanga la poyambira, la nambala 110 ndi D wa 50 peresenti. 110 kuchulukitsa ndi theka ndi 55. Ngakhale mutavutika kufika Strength 60, muwonjezerapo 41 basi. Apa m'pamene pagona nkhani yonse: nambala ya munthu wanu imachulukitsa zimene chidacho chili nazo kale, ndipo chida chosasula chilibe zambiri zoti zichulukitsidwe.

Sulani chida kaye

Kumayambiriro kwa gemu, miyala yosulira ndiyo imakupatsani ukali wochuluka kuposa malevulo. Longsword imayamba pa 110, ndipo pa +3 imakhala pafupifupi 129. Claymore imayamba pa 138, pa +25 n'kufika 338. Kusula kumakwezanso zilembo zija, motero mumapindula pawiri.

Pa tebulo losulira la ku Church of Elleh mungafike +3 yokha. Kupitirira apo pitani kwa Hewg, wosula zitsulo wa ku Roundtable Hold. Zida wamba zimafuna Smithing Stone ndipo zimathera pa +25. Mtundu uliwonse wa mwala umakwezera masitepe atatu: miyala 2, kenako 4, kenako 6, yonse 12. Zida zapadera monga Moonveil, Bloodhound's Fang ndi Rivers of Blood zimafuna Somber Smithing Stone, mwala umodzi pa sitepe iliyonse, ndipo zimathera pa +10. Musamwaze miyala pa zida zisanu. Sankhani chimodzi, mwina ziwiri, muzikweze mpaka pomwe miyala yanu ikulola.

Nanga ma rune apite kuti pa nthawiyi? Ife timati ku Vigor. Pa Vigor 40 muli ndi moyo wokwana 1450, pa 60 muli ndi 1900. Malevulo khumi a Strength pa chida cha D angakuwonjezereni ukali wosakwana 10, pamene malevulo khumi a Vigor amachititsa kuti nkhonya imene ikanakuphani ikusiyeni muli chilili. Chida chikadutsa +12 kapena apo, zilembo zikayamba kufika C ndi B, m'pamene muyambe kuthira mwamphamvu pa nambala yomenyera.

Kugwira ndi manja awiri

Mukagwira chida ndi manja awiri, gemu imachulukitsa Strength yanu ndi 1.5, n'kutaya kachidutswa kotsala. Pa PlayStation gwirani batani la triangle n'kudina R1, pa Xbox gwirani Y n'kudina RB. Izi zimathandiza pawiri. Choyamba, pa Attributes Required: Greatsword imafuna Strength 31, koma ndi 21 mukhoza kuigwira ndi manja awiri, Giant-Crusher imafuna 60, koma 40 ikukwanira. Chachiwiri, pa soft cap: Strength 40 imawerengedwa ngati 60, ndipo 54 imawerengedwa ngati 81. Ngati simunyamula chishango, imani pa 54, malevulo 26 amene mwapulumutsawo apite ku Vigor ndi Endurance. Dexterity ilibe mwayi umenewu.

Sinthani chilembo kuti chigwirizane nanu

Zida zambiri zosulidwa ndi Smithing Stone zimalola Ash of War, luso lapadera lomenyera limene mumaika pa chida, ndipo poiika mumasankhanso affinity, yomwe imasintha zilembo. Muyenera kukhala ndi Whetstone Knife, imene ili m'bokosi la m'chipinda chapansi pa Gatefront Ruins. Ma Whetblade amene mumatola m'malo osiyanasiyana amakutsegulirani ma affinity ena: Iron Whetblade ya ku Stormveil Castle imatsegula Heavy, Keen ndi Quality. Glintstone Whetblade ya ku Raya Lucaria imatsegula Magic ndi Cold. Red-Hot Whetblade ya ku Redmane Castle imatsegula Fire ndi Flame Art. Sanctified Whetblade ya ku Leyndell ndi ya Lightning ndi Sacred, ndipo Black Whetblade ya ku Nokron ndi ya Poison, Blood ndi Occult.

Heavy imakokera chida ku Strength, Keen ku Dexterity. Magic imadalira Intelligence. Sacred ndi Flame Art zimadalira Faith. Occult imadalira Arcane. Apa ambiri amasokonezeka: Fire imatsata Strength, osati Faith, ndipo Lightning imatsata Dexterity. Quality imagawa pakati pa Strength ndi Dexterity, ndipo anthu amaithamangira msanga. Imapambana Heavy kapena Keen pokhapokha manambala onse awiri ali pamwamba, cha m'ma 50 kapena kuposa. Amene ali ndi Strength 25 ndi Dexterity 25 akadapeza ukali wochuluka akanaika 40 pa imodzi n'kusankha Heavy kapena Keen.

Affinity iliyonse imasinthanso nambala yoyamba ija, kawirikawiri kuitsitsa. Musanatsimikize, gemu imakuonetsani manambala atsopano. Phatikizani awiriwo, muyerekeze ndi akale.

Chenjeraninso ndi chida chokhala ndi ukali wa mitundu iwiri, monga Physical ndi Fire. Pa pepala chimaoneka chachikulu, koma mtundu uliwonse umadutsa pa chitetezo cha mdani pawokha, ndiye mdaniyo amadulako kawiri. Chida cha 300 ndi 300 nthawi zambiri chimaluma mochepera chida cha 600 wa mtundu umodzi, pokhapokha mdaniyo akhale wofooka ku moto. Njira yotsimikizira ndi kumenya mdani mmodzimodziyo ndi zida zonse ziwiri n'kuwerenga nambala yotuluka. Komanso grease (mafuta opaka pa chida) ndi matsenga opaka pa lupanga zimagwira pa Standard, Heavy, Keen ndi Quality. Mukasankha Fire kapena Magic, mwayi umenewo mwautaya.

Arcane ili ndi khalidwe lakelake. Imafulumizitsa kutaya magazi ndi poizoni, koma pa chida chokhacho chimene chili ndi chilembo pa Arcane. Uchigatana wamba imabwera ndi kutayitsa magazi kwa 45, ndipo Arcane 60 siisuntha nambala imeneyo mpaka mutaika Blood kapena Occult. Kuzizira kwa Cold sikutsata Arcane. Kwa oponya matsenga, nambala yoyang'ana ndi Sorcery Scaling pa ndodo kapena Incant Scaling pa seal (chida choponyera matsenga a Faith), ndipo nazonso zimakwera mukasula ndodoyo kapena seal yo, chinthu chimene ambiri amaiwala.

Ngati mukuperewera pang'ono kuti mugwire chida, valani chithumwa (talisman): Starscourge Heirloom imawonjezera 5 pa Strength, Prosthesis-Wearer Heirloom 5 pa Dexterity. Radagon's Soreseal imawonjezera 5 pa Vigor, Endurance, Strength ndi Dexterity, koma mumapwetekedwa ndi 15 peresenti yowonjezera, choncho ivuleni manambala anu akakula. Ndipo ngati munamwaza kale malevulo pa manambala osayenera, gonjetsani Rennala ku Raya Lucaria, mumupatse Larval Tear imodzi, akulolani kugawanso malevulo onse. Lembani manambala amene mukufuna papepala musanalankhule naye, chifukwa ma Larval Tear ndi owerengeka paulendo umodzi wa gemu, ndipo simungatsitse nambala iliyonse kuposa pomwe class yanu (mtundu wa munthu umene munasankha poyamba gemu) inayambira.