Kukonzekera odishoni ya piyano: mmene mungachitire pulakatisi osataya maola pachabe

Ngati mukufuna kukaphunzira nyimbo za classical, kaya ku South African College of Music ku Cape Town kaya ku yunivesite ya Stellenbosch kapena kwina kulikonse, yambani ndi kuwerenga zomwe sukuluyo ikufuna pa odishoni, mayeso oimba oti aone ngati angakulandireni, chifukwa iliyonse ili ndi zake. Kawirikawiri pa piyano amafuna prelude ndi fugue ya Bach, chigawo cha sonata ya Haydn, Mozart kapena Beethoven, ndiye ina ya Chopin kapena Schumann, ena amawonjezera masikelo komanso kukupatsani manotsi omwe simunawaonepo kuti muimbe pompo. Sankhani nyimbo yomwe zala zanu zikuikwanitsa panopa, osati yomwe mumangoisilira pa YouTube. Haydn woimbidwa mwaukhondo amaposa Liszt wokugwetsani pakati pa njira.

Manotsi mutha kuwapeza ulere pa webusayiti ya IMSLP, koma chenjerani, makope akale ambiri ali ndi zizindikiro zomwe anaika ndi mkonzi osati mwini nyimbo. Ngati mungapeze urtext, kope lotsata zomwe analemba mwini nyimbo, ya osindikiza a Henle kapena Bärenreiter ndiye bwino kwambiri.

Tsopano pa pulakatisi penipenipo, apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa, timayamba nyimbo kumutu, tikafika povuta tapunthwa, tabwerera kumutu, tapunthwanso pomwepo, kenako tikuti lero ndachita maola anayi. Mu 2009 Robert Duke ndi anzake ku University of Texas at Austin anatenga oimba piyano 17 n'kuwapatsa kachigawo kovuta ka mabala atatu okha (bala ndi kagawo ka pakati pa mizere iwiri yoimirira pa manotsi) ka mu Piano Concerto No. 1 ya Shostakovich, aliyense aphunzire nthawi yomwe akufuna, mawa lake n'kudzawayesa. Omwe anachita bwino sanali omwe anakhalitsa pa piyano kapena kubwereza kambirimbiri ayi. Kusiyana kunali pa zomwe munthu amachita akalakwitsa: opambanawo amadziwa ndendende noti yomwe yalakwika ndi chifukwa chake, amatsitsa liwiro asanafike povutapo, n'kubwereza mpaka pakhazikike. Nkhani yotchuka yoti munthu amafunika pulakatisi ya maola 10,000 kuti akhale katswiri inachokera pa kafukufuku wa Anders Ericsson ndi anzake wa 1993 pa oimba vayolini ku Berlin, koma naye amakamba za pulakatisi yokhala ndi cholinga, yokonza chofooka, osati kungodutsa nyimbo uku maganizo ali kumsika.

Ndiye chitani chonchi. Ikani foni pambali mudzijambule mukuimba nyimbo yonse kamodzi osaima, kenako mverani muli ndi pensulo m'manja n'kuzunguliza bala iliyonse yomwe yavuta. Osangolemba kuti apa ndalakwitsa, lembani chomwe chachitika, kodi chala chachinayi chachedwa, kodi dzanja lamanzere ladumpha mopitirira, kapena pedo yasakaniza mawu. Tengani bala imodziyo, yambirani noti ziwiri zitatu m'mbuyo mwake n'kuthera patsogolo pang'ono kuti mfundo yolumikizira isadzakuvuteni, ikani metronomu, kachipangizo kogogoda kosunga liwiro la nyimbo, pa liwiro loti simungalakwitse ngakhale likhale lochititsa manyazi, mukadutsa bwino kangapo motsatizana kwezani pang'ono basi. Mukalakwitsa tsitsaninso. Zala zomwe mwasankha zilembeni pa manotsi ndipo musamazisinthe tsiku ndi tsiku. Zimatopetsa zedi, anthu a m'nyumba adzakufunsani ngati nyimboyo ili ndi mabala awiri okha, alekeni.

Kumvera akatswiri kumathandiza koma musamvere munthu mmodzi yekha, mudzangokhala fotokope yake. Woimba piyano Glenn Gould anajambula Goldberg Variations ya Bach mu 1955 n'kutenga mphindi pafupifupi 38, atajambulanso mu 1981 inafika mphindi 51, mbali ina chifukwa anabwereza zigawo zina komanso anadekha kwambiri m'malo ena, munthu yemweyo manotsi omwewo. Tengani oimba atatu kapena anayi a nyimbo yanu, muone pomwe aliyense akuchedwetsa, pomwe akupuma, mawu omwe akuwatulutsa pamwamba mu fugue. Ofufuza omwe anayerekeza mmene anthu osiyanasiyana amaimbira ma mazurka a Chopin anagwiritsa ntchito Sonic Visualiser, pulogalamu yaulere yopangidwa ku Queen Mary University of London, inunso mutha kuyiika pa kompyuta, mumagogoda kiyibodi motsatira kugunda kwa nyimbo ndiye imakuonetsani mmene liwiro likusinthira. Ikanimonso rekodi yanu, mudzadabwa kuona kuti povuta mumathamanga m'malo mochedwa. Ndipo dziwani kamangidwe ka nyimboyo, kiyi yomwe muli, pomwe mutu wa fugue ukulowanso, chifukwa mukaiwala pakati ndi zimenezi zomwe zimakupatsani poyambira, zala zokha mantha akabwera zimathawa.

Kukatsala milungu ingapo yambani kuimbira anthu, anzanu a kwaya, aphunzitsi, aliyense woti akupangitseni kunjenjemera pang'ono. Valani zovala ndi nsapato zomwe mudzavale tsikulo, lowani, khalani, imbani kamodzi kokha, mukalakwitsa pitirirani osakwinya nkhope. Maonekedwe amawerengedwa ndithu: kafukufuku wa Chia-Jung Tsay wa 2013 anapeza kuti anthu, akatswiri omwe, amalozera bwino wopambana mpikisano poonera vidiyo yopanda mawu kusiyana ndi pomvera mawu okha.

Ngati odishoni ndi ya vidiyo, kamera ionetse manja ndi nkhope, osaduladula rekodi pokhapokha ngati alola, ndipo funsiranitu ngati akuvomereza piyano yamagetsi, akakana yambani msanga kupempha malo omwe ali ndi piyano yeniyeni yochunidwa bwino. Vidiyoyo tumizani kukadali masiku, netiweki isadzakukanikeni usiku womaliza.