Kwa amene mwapatsidwa acetazolamide

Mankhwala awa, omwe ena amawadziwa kuti Diamox, amachepetsa madzi opangidwa m'diso kwa odwala glaucoma (matenda a maso omwe amawononga mtsempha wothandiza kuona), ndipo nthawi zina amaperekedwanso kwa odwala khunyu. Musadabwe zala ndi milomo zikamachita dzanzi, kapena Fanta akamamveka ngati mwanyambita chitsulo. Zimenezi zimachitika kawirikawiri.

Amakodzetsa kwambiri, choncho funsani adokotala ngati mungamwe mlingo womaliza kusanade, apo ayi mudzachezera kutuluka panja. Imwani madzi ambiri, chifukwa mankhwalawa amatha kuyambitsa timiyala mu impso. Ngati munatulukapo ziwengo mutamwa Bactrim kapena Fansidar, nenani musanayambe.

A khunyu, chonde musawasiye mwadzidzidzi ngakhale mwatha miyezi osagwa. Kukomoka kumatha kubwerera mwamphamvu.