Chenjerani ndi mawu akuti "cheap" polengeza malonda anu

Amalonda ambiri amene amalengeza katundu wawo m'Chingerezi pa Facebook kapena pa WhatsApp amakonda kulemba kuti katunduyo ndi "cheap", poganiza kuti akukopa makasitomala, koma mawuwa akhoza kuwathawitsira ogula. N'zoona kuti tanthauzo lake loyamba ndi chinthu chotsika mtengo, ndipo ndi kumene kunachokera mawu athu akuti "kutchipa". Vuto ndi lakuti kwa eni chinenerochi mawuwa amanenanso chinthu chachabechabe ndi chosalimba, monga nsapato imene imamatuka soli mwezi usanathe. Mukanena munthu kuti ndi "cheap", makamaka ku America, ndiye kuti mwamunyoza kuti ndi woumira.

Kale mawuwa analibe chitonzo chotere. M'Chingerezi chakale "ceap" linali dzina lotanthauza kugula ndi kugulitsa kapena msika, n'chifukwa chake msewu wa Cheapside ku London, umene unali msika waukulu wa mzindawo, unatchedwa choncho. Munthu akagula chinthu pa mtengo wabwino ankati "good cheap", ndipo m'zaka za m'ma 1500 anthu anasiya mawu oyambawo n'kutsala ndi "cheap" yekha.

Choncho ngati mukugulitsa zovala za kaunjika zosankhidwa bwino kapena mipando imene mwakhoma nokha, lembani "affordable" kapena "inexpensive", chifukwa mawu awa amanena za mtengo wokha popanda kunyozetsa katunduyo. Mawu akuti "cheap" muzigwiritsa ntchito pa zinthu monga mtengo wa basi kapena wa bandulo ya intaneti, ndipo poyerekeza mitengo iwiri nenani "cheaper", osati "more cheap".