Kompyuta ikamangozima n'kuyakanso yokha, musathamangire kuifomata

Ndili ndi kashopu kotaipa makalata ndi kuchita fotokope, ndipo kompyuta yanga ndi ya patebulo, yogula kaunjika. Chaka china mu Okutobala inayamba khalidwe lachilendo. Ndili mkati motaipa CV ya kasitomala, sikirini yangoti bii, kenako makina akuyambiranso ngati ndangowayatsa kumene. Mnyamata wina wokonza makompyuta anati ndi vairasi. Anaifomata, kutanthauza kufufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano, ndinamulipira, mafayilo ena a makasitomala n'kupita. Mawa lake inazimanso. Zinandiwawa, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna inu muyambe ndi funso limene ine sindinadzifunse: kodi imazima ikamachita chiyani?

Musanagwire kalikonse, koperani mafayilo anu ofunika pa fulashi. Kenako ikani kope pafupi. Ikazima, lembani nthawi, zomwe mumachita, ndiponso chomwe chinayatsidwa m'chipindamo. Masiku awiri kapena atatu akukwana.

Kopelo ndi limene linandiululira vuto langa. Nthawi zonse imazima ndikangodina batani la makina a fotokope. Makina amenewa, pamodzi ndi pulinta ya leza, ali ndi chotenthetsa inki yaufa kuti imatirire papepala, ndipo chimakoka magetsi ambiri chikamayamba. Ine ndinali nditalumikiza zonse pa ekisitenshoni imodzi yotchipa, ya mabowo okhwepa. Magetsi akatsika kwa kanthawi kochepa chabe, babu silisonyeza kanthu, koma kompyuta imamva. Nditaipatsa soketi yakeyake ya pakhoma, vuto linathera pomwepo. Choncho yambirani pamagetsi. Gwedezani pang'ono nthambo yolowa kumbuyo muone ngati yagwira bwino, yesani nthambo ina, ndipo onani ngati kuzimako kukugwirizana ndi kuyaka kwa firiji, ketulo, kapena makina a owotcherera zitsulo oyandikana nanu. Ngati muli ndi UPS, kabokosi ka batire kopatsa kompyuta mphamvu magetsi akathima, musaikhulupirire chifukwa choti nyali yake ikuyaka. Batire lake limatha pakapita zaka zochepa. Sungani ntchito yanu, zimitsani swichi ya pakhoma, ndipo kompyuta ikafa nthawi yomweyo, batirelo latha.

Ngati imazima itagwira ntchito kwa mphindi 20 kapena 30, makamaka masana dzuwa lili paliwombo, kapena mukatsegula pulogalamu yolemera, ganizirani kutentha. Purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, ikatentha kwambiri makina amadzizimitsa pofuna kudziteteza. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa HWMonitor yomwe imaonetsa kutenthako. Mukaona manambala akupitirira madigiri 90, m'katimo muli nkhani.

Zulani nthambo kukhoma, dinikizani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsala athe, ndiye mutsegule chivundikiro cha m'mbali. Gwirani kaye chitsulo cha bokosilo musanakhudze za m'kati. Amene tili m'mphepete mwa msewu wafumbi timadziwa zomwe timapezamo: fumbi logwirana ngati bulangete pakati pa fani ndi chitsulo chozizilitsa purosesa, nthawi zina ndi mphemvu zomwe. Chotsani ndi kaburashi kouma kopentera kapena chopopera mphepo, panja, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira. Nsalu yonyowa ayi. Mukayatsa chivundikiro chili chotsegula, onani ngati mafani onse akuzungulira. Pamakina akale, phala lotuwa lija la pakati pa purosesa ndi chitsulo chake, la thermal paste, limauma n'kukhala ngati choko. Pukutani lakalelo, ikani latsopano kadontho kofanana ndi njere ya nandolo. Ndipo chonde chotsani kompyutayo pansi. Yanga inali pasimenti, pomwe tsache limakankhira fumbi lonse m'mawa uliwonse.

Tsopano pali kuyesa kumodzi komwe ndikanakudziwa kale, sindikanataya mafayilo aja. Yatsani kompyuta ndi kulowa mu BIOS, pulogalamu ya m'makina yomwe imayamba Windows isanayambe, kawirikawiri podina F2, F10 kapena Delete ikangoyaka. Isiyeni pamenepo ola limodzi. Ikazima ili mu BIOS, Windows ilibe mlandu, chifukwa inali isanayambe n'komwe. Kufomata pamenepo n'kungotaya ndalama.

Ikakhala bwinobwino mu BIOS, tembenukirani ku Windows. Mwachibadwa chake, ikakumana ndi vuto lalikulu imayambiranso yokha mwachangu moti simuwerenga uthenga wa pasikirini yabuluu. Pitani ku Advanced system settings, pa Startup and Recovery, muchotse kachizindikiro pa Automatically restart. Ulendo wotsatira uthengawo udzaima, inu muujambule ndi foni. Nthawi zina umatchula dzina la driver (kapulogalamu koyendetsa chipangizo monga pulinta) yomwe yalakwa, ndipo ngati vuto linayamba mutangoika pulinta yatsopano kapena pulogalamu ina, ichotseni muone. Mu Event Viewer, momwe Windows imalemba zomwe zachitika m'makina, mungapeze mzere wa Kernel-Power wokhala ndi nambala 41. Usakuopseni, umangonena kuti makina anazima osatsekedwa mwadongosolo, sunena chifukwa. Kumbukiraninso kuti Windows Update imayambitsanso kompyuta ikamaliza kuika zatsopano, koma iyo imachenjeza, ndipo sichita zimenezi kasanu patsiku.

RAM, timatabwa tosunga kwakanthawi zomwe kompyuta ikugwira, nayo ingayambitse vutoli, ndipo ndi yosavuta kuyesa. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani mdsched, makina adziyeza okha. Kapena zimitsani, zulani timatabwa ta RAM, pukutani mano ake agolide ndi labala yofufutira pensulo, mubwezeretse mpaka timve kuti tha. Ngati tilipo tiwiri, gwiritsani ntchito kamodzi tsiku lonse, mawa lake kena kaja. Kolakwa kadzidziwikitsa kokha.

Zonsezi zikalephera, wotsala ndi power supply, kabokosi kachitsulo komwe nthambo ya magetsi imalowa. Ikakalamba imalephera kupereka mphamvu yokwanira makina akalemedwa, ndipo kompyuta imazima popanda uthenga uliwonse. Apa ndikupempheni ndi mtima wonse: musaitsegule. M'kati mwake mumatsala magetsi oopsa ngakhale mutazula kukhoma. Bwerekani ina yabwino kwa mnzanu muyesere, kapena pitani nayo kwa wokonza. Zina zakale zili ndi kaswichi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Kuno kwathu kayenera kukhala pa 230, ndipo musakasunthe n'cholinga choyesa, mupsereza makina.

Chivundikiro chikadali chotsegula, walitsani tochi pa motherboard, thabwa lalikulu lomwe zonse zalumikizidwapo, muyang'ane timigolo ting'onoting'ono toimirira, ma capacitor. Pamwamba pake payenera kukhala pathyathyathya. Kakatupa kapena kutuluka zofiirira ngati dzimbiri, imeneyo ndi ntchito ya munthu wodziwa kuwotcherera. Popita kwa iye nyamulani kope lanu lija ndi chithunzi cha sikirini yabuluu, ndipo mumuuze poyambirira kuti hard disk, momwe muli mafayilo anu, asaikhudze musanagwirizane.